Chaka cha Mapasa ku Matanki

Sukulu ya ku Matanki inali yaing'ono kwambiri moti anthu a mu Kafue ankaidziwa chifukwa cha matanki awiri a madzi amene anaima kuseri kwake, osati chifukwa cha maphunziro. Inali ndi kalasi imodzi ya Giredi 8, imodzi ya Giredi 9, kaofesi ka ahedi, ndi chipinda cha aphunzitsi chimene kale ankasungiramo makasu. Panalinso chipinda china chosamalizidwa, chopanda chitseko, momwe mbuzi za anthu oyandikana ndi sukulu zinkausamo mvula. Ana okhoza bwino mayeso a Giredi 7 ankathamangira ku masukulu akuluakulu a ku dera la Estates ndi a m'tauni. Ku Matanki kunkabwera otsalira, ndipo zaka zina madesiki akumbuyo ankangotola fumbi mpaka chaka kutha.

Winfrida Soko ankaphunzitsa masamu pasukulupo, ndipo ntchito yolandira ana atsopano mu Januwale inali yake. Ankatulutsa tebulo pakhonde nkukhala pamenepo kudikira makolo. Kawirikawiri ankapeza ndi mpata womwa tiyi, uku akuonerera sitima ya katundu ikudutsa patali.

Chaka chimenecho, woyamba kufika anali mayi wina wamfupi, wovala chitenje cha amayi a Chikatolika, ali ndi atsikana awiri ofanana nkhope moti ukayang'ana uyu unkangokhala ngati wayang'ananso uyo. Mayiyo anati dzina lake ndi Tereza Kamanga. Sanafunse za yunifolomu kapena za mabuku. Anapita kukasuzumira pawindo la kalasi, nabwerera patebulo.

"Ba Madamu, Giredi 8 ni imodzi chabe, eti? Kulibe A na B?"

Winfrida anachita manyazi pang'ono, poganiza kuti mayiyo akuderera sukuluyo. "Pakadali pano ndi imodzi. Koma tikukula pang'onopang'ono."

"Osafulumira kukula," anatero mayiyo akumwetulira. "Alembeni."

Winfrida anafunsa mtsikana wa kumanja dzina lake. Anayankha wa kumanzere: "Uyu ni Chisomo, ine Thokozile." Atafunsanso Chisomo yemweyo sukulu imene ankachokera, anayankhanso Thokozile. Chisomo ankangoyang'ana cholembera chili m'manja mwa Winfrida.

Mawa lake kunabwera anyamata awiri a ku Chanyanya, Morris ndi Mabvuto, atakwera njinga imodzi, nawonso mapasa. Anati pakati pa sabata azikhala kwa azakhali awo kumapeto kwa tauni. Winfrida anaseka, nkuwauza kuti apeza anzawo m'kalasimo. Koma madzulo a tsiku lomwelo kunafikanso mnyamata ndi mlongo wake obadwa tsiku limodzi, ndipo pofika kumapeto kwa sabata, mabanja asanu anali atabweretsa mapasa. Ana khumi, m'kalasi imodzi.

Winfrida anali munthu wa masamu, ndipo zinthu zosagwirizana zinkamusowetsa mtendere. M'zaka zonse zimene anaphunzitsa, chaka chabwino kwambiri anali ndi mapasa a banja limodzi lokha. Chinamudabwitsanso nchakuti anawa sanali a dera limodzi. Ena anali a ku Estates, ena a kufupi ndi mafakitale, ena a kumtsinje, ndipo onse ankadutsa masukulu abwino kuposa a ku Matanki pobwera kuno. Ena mwa iwo anali atakhoza bwino moti sukulu iliyonse ikanawalandira ndi manja awiri.

Anaiyambitsa nkhaniyi m'chipinda cha aphunzitsi. Ba Levy, a Chingelezi, anati ndi nsomba za mu mtsinje wa Kafue, zimene chaka chimene anawa ankabadwa ziyenera kuti zinanona kwambiri. Onse anaseka. Ahedi, ba Lighton Daka, sanaone chodabwitsa.

"Mwana ndi mwana, ba Soko. Akabwera awiriawiri ndiye zabwino. Chaka chino tachuluka, mwina a ku ofesi ya maphunziro atikumbukira."

Zoonadi anali atachuluka. Kupatula mapasawo, ana enanso ankangobwera, poti makolo ambiri amene kale ankasunga ana kunyumba tsopano ankawatumiza kusukulu. Pa desiki la awiri pankakhala atatu. Koma funso la Winfrida linali lisanayankhidwe. Anayesa kufunsa anawo m'kalasi. Onse anayankha chimodzimodzi: "Ni ba mami anasankha."

Kenako anaona china. Pa nthawi yopuma, ana atsopano amakhala motalikirana, aliyense akuopa mnzake. Mapasawa sanatero. Kuyambira tsiku loyamba ankakhala pamodzi pansi pa mtengo wa mango wa pafupi ndi matanki, kugawana mbatata ndi zitumbuwa, kunyozana ndi maina a paubwana ngati ana a bele limodzi. Winfrida anamva Morris wa ku Chanyanya akufunsa Thokozile wa ku Estates ngati galu wawo wolumala uja akadali moyo. Anamuitana.

"Iwe Morris, anzakowa unadziwana nawo kuti?"

"Ku Khirisimasi, Madamu."

"Khirisimasi ya kuti?"

"Kwa bana mpundu."

Winfrida ankadziwa kuti mu Kafue, monga m'matauni ambiri, mayi aliyense wobereka mapasa amamutcha bana mpundu. "Bana mpundu ake ati?"

Morris anamuyang'ana ngati wafunsa zachibwana. "Onse, Madamu."

Patapita masiku, bambo wa anyamatawo, ba Bartholomew, anatulukira pasukulu ndi katoni ya nsomba zouma kumbuyo kwa njinga. Ankapita nazo kumsika, ndipo anapatuka kudzapereka nsapato kwa Mabvuto. Winfrida anawathamangira asanakwere njinga, nawafunsa chimene chinawachititsa kusankha sukulu ya kutali chonchi.

"Awe, Madamu, ine za sukulu siniziba. Ine amake ana anangoniuza kuti ana ayenda ku Matanki, ine navomera. Funsani ba Tereza. Ndiwo ba cheya."

"Cheya wa chiyani?"

"Wa azimayi aja," anatero ba Bartholomew, akupalasa kale njinga. "Ife azibambo sitiloledwa."

Loweruka masana Winfrida anakwera minibasi kupita ku Estates. Nyumba ya ba Tereza sinavute kupeza, poti mwana woyamba amene anamufunsa anamuperekeza mpaka pachipata. Anawapeza pakhonde akusoka madiresi a kwaya pa makina opalasa ndi mwendo. Atamuona sanadabwe nkomwe. Anaitana Thokozile kuti abweretse mpando ndi kapu ya munkoyo.

"Ninaziba kuti muzabwera," anatero. "Ana ananiuza kuti Madamu wa masamu afunsafunsa."

Nkhani yawo anaifotokoza makina ali chiimire, nsalu ili pamiyendo. Chaka chimene anali ndi pakati pa Chisomo ndi Thokozile, azimayi oyembekezera mapasa ochokera kumidzi ndi kumtsinje ankatumizidwa ku chipatala cha m'tauni kuti akachirire kumeneko. Ena anadziwana m'chipindamo. Koma ubale weniweni unayambira ku sikelo. Mayi wa ana awiri amachedwetsa mzere, choncho iwo ankadzipatula okha, kukhala pa benchi la kumapeto kudikira kuti anzawo athe.

"Ganizani, Madamu. Manja awiri, ana awiri, thumba la matewera, khadi la uyu, khadi la uyu. Ugwira na chani, na mano? Ndiye uyu akakwera pa sikelo, mnzako akugwirira winayo. Mwana wa mnzako akalira, iwe uli na mkaka, umupatsa. Morris uja anayamwa kwa ine."

Sikelo itatha, iwo sanasiyane. Ankakumana pa Khirisimasi, chaka chino kwa uyu, chaka chamawa kwa uyo. Ena anasamukira ku Lusaka ndi ku Mazabuka, koma mabanja angapo anatsala. Mafoni atabwera anapanga gulu lawo. Ndiye popeza ana onse anabadwa miyezi yoyandikana, anayamba sukulu pamodzi, nalembanso mayeso a Giredi 7 chaka chimodzi.

Winfrida anaseka yekha. Funso limene linamuzunza mwezi wathunthu linali ndi yankho losavuta chonchi. Mapasa sanachuluke mu Kafue ayi, anangosonkhana malo amodzi.

"Nanga bwanji ku Matanki?"

Nkhope ya ba Tereza inasintha. Anati ku pulaimale aliyense wa iwo anaonapo zovuta. Masukulu akuluakulu amagawa ana m'makalasi ambiri, ena m'mawa ena masana. Morris anaikidwa m'mawa, Mabvuto masana, njinga ili imodzi. Koma chimene chinawaopsa kwambiri chinachitikira Chisomo. Ali Giredi 4 anamulekanitsa ndi Thokozile, ndipo mwanayo anangosiya kulankhula kusukulu. Teremu yonse sanatsegule pakamwa, mpaka aphunzitsi anayamba kunena kuti mwina samva. Ba Tereza anakachonderera, aphunzitsi anawaikanso m'kalasi imodzi, ndipo kuchokera pamenepo anamuuza Thokozile kuti asamusiye mnzake, akafunsidwa azimuyankhira.

"So chaka chatha ninayenda na miyendo yanga sukulu na sukulu. Funso langa linali limodzi. Kwanu chabe ndiye kunalibe B. Ninauza anzanga, tinagwirizana."

"Ndiye ana anu onse khumi ali m'manja mwanga," anatero Winfrida.

"Khumi na mmodzi."

Winfrida anawerenganso mumtima. Mabanja asanu, awiriawiri.

"Elisha Miti," anatero ba Tereza motsitsa mawu. "Wamtali uja, wokhala pafupi na chitseko. Mnzake anatisiya asanayambe kuyenda. Koma amayi ake ni bana mpundu mpaka lero, na iye ni wathu."

Winfrida anamukumbukira mnyamatayo. Tsiku lililonse ankamuona pansi pa mango paja, koma m'maganizo mwake ankamuchotsera, pomuyesa mnzawo chabe. Pobwerera m'minibasi ankangoganiza za iye.

Akanakhala wina akanakhutira pamenepo. Koma Winfrida tsopano ankawayang'ana anawo ndi maso ena, ndipo mafunso atsopano ankabadwa. Anaona kuti Morris ndi Mabvuto sankalankhulana kwenikweni, ankangoyang'anana nkuseka. Anaona kuti mnyamata uja ndi mlongo wake ankakhala kutali wina ndi mnzake ngati sadziwana. Ndipo anaona kuti akaloza Chisomo, Thokozile ankayamba wapuma mozama, kenako nkuimirira kuyankha.

Teremu yoyamba ili pafupi kutha, ba Daka analowa m'chipinda cha aphunzitsi nkhope ili ngwee. A ku ofesi ya maphunziro anali atabwera, naona ana akulembera pamaondo, ndipo anavomera kutumiza mphunzitsi wina. Komiti ya makolo nayo inalonjeza kuika chitseko ndi mawindo pa chipinda cha mbuzi chija. Kuyambira teremu yachiwiri, Giredi 8 idzakhala ndi A ndi B.

"Ba Soko, mugawe ndinu. Mukuwadziwa bwino."

Winfrida anawafotokozera zonse zimene anamva ku Estates. Ba Daka anamvetsera akugwedeza mutu, kenako anatambasula manja.

"Ndiye vuto lili pati? Mapasa onse aikeni mu A, pamodzi ndi Elisha wawoyo. Enawo mugawe mmene mungathere. Makolo asadandaule, ife tisadandaule."

Zinaoneka zosavuta, ndipo Winfrida akanachita zomwezo. Koma nkhani ya A ndi B inafalikira pakati pa ana, ndipo tsiku lina ataweruka, iye akupukuta bolodi, anamva wina akutsokomola pakhomo. Anali Thokozile, ali yekha. Aka kanali koyamba kumuona wopanda mnzake.

"Chisomo ali kuti?"

"Namuuza kuti naiwala buku. Aniyembekeza ku geti." Anayang'ana kumbuyo, nalowa. "Madamu, niikeni mu B."

"Pamodzi ndi Chisomo?"

"Neka."

Winfrida anaika pansi chopukutira, nakhala pa desiki la kutsogolo. "Mwayambana?"

"Iyayi. Sitiyambana ise." Thokozile anapotokola lamba wa chikwama chake. "Madamu, kuchokera Giredi 4 ine niyankha kawiri. Langa na lake. Akafunsa Chisomo, mtima wanga ndiwo ugunda. Anthu sakamba ati Thokozile, akamba ati Chisomo-na-Thoko, monga ni zina limodzi. Nifuna chabe nione mmene chimvekera kukhala pa desiki, aphunzitsi afunsa munthu wina, ine nili chete."

"Amayi ako wawauza?"

Mtsikanayo anapukusa mutu mwamphamvu. "Angafe na BP. Osawauza kuti ndine nakamba."

Thokozile atatuluka, Winfrida anatsala akuganiza. Anali atafunsa makolo, atafunsa ahedi, koma anawo sanawafunsepo aliyense payekha. Amayi awo anayenda tauni yonse kuwafunira malo oti asalekane. Nanga eni akewo ankafuna chiyani? Funsoli linamugwira kuposa loyamba lija.

Sabata yotsatira anayamba kuwaitana mmodzimmodzi, ponamizira kuti amuthandize kunyamula makope. Aliyense ankamufunsa funso lomwelo, namulonjeza kuti sauza mnzake. Morris anadabwa kuti munthu angafunse zoterozo. Mabvuto anafunsa ngati walakwa chinachake. Mnyamata wokhala kutali ndi mlongo wake uja, amene Winfrida ankayesa kuti adzakondwa, anakana: mlongo wakeyo ankadwala chifuwa cha mphumu, ndipo iye ankakhala pamalo pomwe ankatha kumuona bwino akayamba kubanika. Atsikana ena awiri a kufupi ndi mafakitale aliyense anapempha kuti alekane, ndipo aliyense anachonderera kuti mnzake asadziwe, poopa kumukhumudwitsa. Elisha anati iye kulikonse nkwabwino, bola pa nthawi yopuma azikumana ku mango.

Chisomo anamusiyira kumapeto. Anakhala naye m'kalasi mopanda anthu, namufunsa, kenako anadikira. Mtsikanayo anayang'ana pawindo. Panja ana a Giredi 9 ankasesa, ndipo fumbi linkalowa. Winfrida anadziletsa kubwereza funsolo.

"Thoko akamba chani?" Mawu ake anali otsika, okulirapo kuposa a mnzake. Winfrida anazindikira kuti anali asanawamvepo bwinobwino.

"Ndikufunsa iwe. Zimene anena ena sindiulula, ngati mmene sindidzaululira zako."

Chisomo anati, "Niziba afuna kuyenda. Amatembenuka maningi pogona masiku ano." Anakanda desiki ndi chikhadabo. "Ayende. Ine nikhala pamene nikhala, pa windo."

"Sudzaopa?"

"Nizaopa." Anamuyang'ana Winfrida kwa nthawi yoyamba. "Koma nthawi zina amayankha zimene ine sininafune kukamba."

Winfrida anapita nazo kwa ba Daka. Ahedi anadandaula kuti nkhani yosavuta yasanduka yovuta, koma anavomera kuti makolo a mabanja awiriwo aitanidwe. Amayi a atsikana a kumafakitale aja atamva kuti ana awo onse awiri anapempha chinthu chimodzi mobisirana, anaseka mpaka kupukuta misozi, nkuvomera pomwepo. Ba Tereza sanaseke. Anafika m'mawa, osakhala pampando umene anawapatsa.

"Ba Hedi, ine ninabwera kuno chifukwa kulibe B. Nabweretsa anzanga. Manje ana athu ndiwo akuchulukitsani, mwapeza B, mufuna muyambire pa ana anga?"

"Palibe chimene tachita, mayi," anatero ba Daka. "Nchifukwa chake takuitanani."

"Madamu, imwe ninakuuzani zonse pakhomo panga. Munamwa munkoyo wanga."

Mawu amenewo anamulasa Winfrida. Anati, "Munandiuza, ndipo sindinaiwale. Mukakana, onse akhala mu A, nkhani ithera pomwepo. Koma ndinawafunsa anawo, ndipo ndikupempha kuti nanunso muwafunse. Chisomo wa Giredi 4 ndi wa lero mwina si mmodzi."

"Ndani anayamba?"

Osadikira yankho, ba Tereza anasuzumira pakhomo, natuma mwana amene ankadutsa kuti akaitane ana awo. Atsikanawo analowa, naima pafupi ndi kabati, mapewa atagundana.

"Ndani afuna kusiya mnzake?"

Thokozile anayang'ana pansi. Winfrida anaona kuti watsala pang'ono kukana zonse. Mtsikanayo anapuma mozama monga ankachitira m'kalasi, koma asanatsegule pakamwa, Chisomo analankhula.

"Mami, mulekeni ayende."

Ba Tereza anatembenuka. "Wati chani?"

"Ayende mu B. Ni apa chabe, chitseko na chitseko. Nikalephera nizakuuzani neka."

Ba Tereza anayang'ana mwana uyu, nayang'ana uyo. Kenako anakhala pampando uja, nakonza chitenje chawo pamaondo.

"Teremu imodzi," anatero, osayang'ana aliyense. "Akaleka kudya, akaleka kukamba kunyumba, nibwera kuzamutenga neka, olo pakati pa lesoni."

Teremu yachiwiri inayamba ndi mphepo yozizira yochokera kumtsinje. Chipinda chatsopano chinkanunkhabe mbuzi ngakhale anachikolopa kangapo, ndipo ana a mu A ankawalirira a mu B ngati mbuzi akamadutsa. Thokozile anakhala kutsogolo, ndipo pasanathe sabata aphunzitsi onse ankamudziwa. Analowa gulu la mtsutso, napeza anzake awiri a ku Zambia Compound amene sankadziwa nkomwe kuti ali ndi mnzake wofanana naye mpaka atawaona pamodzi pachipata.

Kwa Chisomo sizinayende msanga. Masabata oyamba, Winfrida akamuloza, kalasi yonse inkakhala chete kudikira, ndipo mtsikanayo ankangoyang'ana kope lake mpaka Winfrida atapitirira kwa wina. Kawiri konse anamupeza akulira kuseri kwa matanki. Winfrida anayamba kudzifunsa ngati chidwi chake sichinamupweteketse mwana wa eni. Anaganiza zoimbira ba Tereza, koma atamufunsa Chisomo, iye anapukusa mutu.

Tsiku lina, m'malo momufunsa, Winfrida anangomupatsa choko. Chisomo anapita pabolodi, nawerengera samu yonse mwakachetechete, mwa njira yaifupi kuposa imene Winfrida anaphunzitsa. Mabvuto anakweza dzanja nkunena kuti sanamvetse mzere wachitatu. Chisomo anayang'ana Winfrida, koma Winfrida anadzichititsa ngati akufuna chinachake m'chikwama. Mtsikanayo analoza mzerewo ndi choko, nanena mawu ochepa, nkhope ili kubolodi. A kumbuyo sanamve. A kutsogolo anamva, ndipo Mabvuto anati, "Oho."

Sanasanduke wolankhulalankhula. Mpaka teremu kutha, masiku ambiri ankaweruka osanena kanthu m'kalasi, ndipo kwa ba Levy a Chingelezi sanayankhepo ngakhale kamodzi. Koma pa masamu ankapita kubolodi, ndipo akafunsidwa ankayankha.

Chimene palibe anachiyembekezera chinaoneka pa mayeso. Winfrida akuchonga mapepala a mu B, anafika pa la Thokozile, nabwereza kuyang'ana dzina. Mtsikana amene teremu yoyamba anali m'gulu la okhoza bwino masamu tsopano anali pafupi ndi kumunsi. Winfrida anatenga makope akale a awiriwo nkuwayerekeza, ndipo anaseka. Zaka zonsezi Thokozile ankapereka pakamwa, Chisomo nkumapereka masamu.

Tsiku lotsekera, makolo anabwera kudzatenga malipoti. Ba Tereza anayamba ku A, kenako ku B, nabwera pakhonde pamene panali Winfrida, mapepala awiri ali m'manja, ana awo ali pambuyo. Anawawerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata mzere uliwonse.

"Thoko, ichi ni chani?"

"Masamu ya mu B ni yovuta, mami."

"Ni imodzimodzi," anatero Chisomo.

Ba Tereza anapinda mapepalawo, nawalowetsa m'chikwama. Winfrida anadikira kuti anene za kubweza Thokozile mu A, ndipo anali atakonzeka kuvomera.

"Kunyumba akamba maningi masiku ano," anatero ba Tereza, akuloza Chisomo ndi chibwano. "Akafika, uyu afotokoza za ku A, uyu za ku B, mpaka nshima izizira. Kale analibe chouzana." Anapumira m'mwamba. "Akhale mmene alili. Koma masamu aya, Madamu, muniuze chochita."

"Mphunzitsi muli naye m'nyumba," anatero Winfrida. "Koma azimuphunzitsa, osati kumulembera."

Thokozile anayang'ana mnzake mochonderera. Chisomo anaganiza kaye, kenako anati adzamuphunzitsa holide yonse, bola mnzakeyo azitsuka mbale za madzulo. Thokozile anakana, nati za madzulo ndizo zochuluka. Ba Tereza anatsanzika Winfrida ndi manja awiri, nanyamuka, ndipo anawo anawatsatira mpaka kumsewu akukanganabe za mbale.